Anandisiya pa Mlatho wa ku Mae Sai

Mpaka lero, bambo a Tadala akayamba kufotokozera alendo za ulendo wathu wa ku Thailand, ine ndimadzuka n'kulowa kukhitchini. Sikuti amanama. Akachisi onyezimira analipodi, njovu tinaziona, phiri tinakwera. Koma pali malo ena amene iwo amawalumpha ngati chithaphwi, ndipo ine ndikufuna kuponda momwemo.

Chinali chaka chimene fakitale ya magalimoto ya ku Longbridge, kuno ku England, inatsekedwa. Amuna anga, a Mbewe, anali atagwirako ntchito kuyambira tili achinyamata. Ine ndine nesi, ndipo nthawi imeneyo ndinali pa wodi ya okalamba pachipatala chachikulu cha ku New Cross, ku Wolverhampton komwe tinkakhala. Mwana tili naye mmodzi, mtsikana, dzina lake Tadala, wobadwira konkuno. Apo n'kuti ali ndi zaka khumi ndi zisanu.

Ntchito itatha, munthu uja anamera mizu pabalaza. Kucha, kuda, maso ali pa TV, ndevu osameta. Ndiye tsiku lina ndikuchokera ku shifiti, mapazi atatupa, ndinawapeza ataima pakhomo akumwetulira.

"Nangozo, ndabuka holide," anatero, kunditchula mfunda monga amachitira akafuna kundinyengerera.

"Holide ya kuti?"

"Thailand. Anzanga akufakitale ankapita chaka ndi chaka, ine n'kumangomvera ngati wailesi. Ulendo uno nanenso ndikaoneko."

"Ndiye mwabuka osandifunsa? Simudziwa kuti masiku opuma ndimachita kupempha?"

"Ndimafuna ikhale sapulaizi."

Mtima unandiwira, koma ndinameza. Munthu anali atangoyamba kumene kusekanso, ndinaopa kumubwezera m'chisoni.

Vuto loyamba linali pasipoti. Masiku amenewo lamulo lakwathu silinkalola munthu kukhala nzika ya mayiko awiri: ukatenga ya kuno, yakwanu waitaya. Iwo anataya osatembenuka. Ine ndinakana, chifukwa mchombo wanga uli ku Ntcheu ndipo sindinafune kuti tsiku lina ndidzalowe kwathu ngati mlendo. Choncho bambo ndi mwana, ndi mapasipoti awo ofiira, sanafunike kalikonse. Ine ndekha ndiye ndinayendera viza, kusinthanitsa mashifiti ndi anzanga, kujambulitsa, kudikira pabenchi. Itatuluka ndinaitsegula pamaso pawo.

"Mwaona apa? Iyi ndi yolowera kamodzi basi."

"Nanga tikufuna kulowa kangati?" anaseka. "Mukanangotenga yofiira ngati anzanu, zonsezi bwenzi kulibe."

Tinanyamuka sukulu zitatsekera. Basi ya ku bwalo la ndege tinakaikwerera ku Birmingham, ndipo titangodutsa Warwick tinaima. Lole inali itagwa kutsogolo, msewu wonse tsekeku. Pafupi nane panakhala mayi wina wachizungu wa ku Nuneaton, amene anandifunsa ntchito yanga. Kulakwa kwanga kunali kuyankha zoona. Anavula nsapato pompo n'kundionetsa chala chake chotupa, kenako anayamba kundiwerengera matenda a mwamuna wake, a mlongo wake, mpaka a galu. Ine ndinali nditathawa wodi, wodi ija inanditsatira m'basi. Bambo a Tadala ankangopita kwa dalaivala kukafunsa ngati tifike, ngati kuti dalaivala ndiye wagwetsa lole. Ndege tinaipeza pothamanga, thukuta lili kamukamu.

Za m'ndege ndilibe nazo mawu: kukhala, kudya, kutupa miyendo. Ku Bangkok bambo ndi mwana anadutsa pa zenera la olowa m'dziko ngati madzi. Itafika pasipoti yanga, bambo wa pazenerapo anaitembenuza uku ndi uku.

"Malaysia?"

"Malawi."

"Mali?"

"Ma-la-wi."

Anaitana mnzake, mnzakeyo anaitana wina, n'kuyamba kusakasaka m'buku. Kutsidya kwa magalasi amuna anga ankandilozera wotchi yawo, ngati ine ndikucheza dala.

Komwe tinkapita kwenikweni kunali ku Chiang Mai, mzinda wakumpoto. Ndege yopita kumeneko inalipo, sitima inalipo, koma a Mbewe anakumana ndi mwamuna wina pakhomo pa hotelo amene anawagulitsa matikiti a basi, ati ya mabwana, ati mipando yogona, ati tikafika dzuwa likadalipo. Tinalawirira kudepoti. Basi ya mabwana ija inali yokalamba kuposa zimene ndinazisiya ku Wenela. Inatuluka mu Bangkok mokwawa, kutola anthu pena paliponse, ena ndi madengu, ena ndi makatoni omanga ndi zingwe.

Titafika cha ku Ayutthaya anakwera mmonke, mmodzi wa amuna ometa mpala ovala nsalu za chikasu amene anthu akumeneko amawalemekeza kwambiri. Mpando wopanda munthu unali umodzi wokha, pambali panga. Kondakitala, mayi wamfupi wa yunifomu, anabwera kwa ine akumwetulira n'kumandikodola kuti ndidzuke. Ndinamuonetsa tikiti. Anamwetulirabe, n'kumandikodolabe. Mnyamata wina wa ku Germany, wa chikwama chachikulu chakumsana, ndiye anatimasulira kuti kumeneko mkazi sakhala mogundana ndi mmonke.

"Ndiye asamuke ndi iyeyo, wandipeza," ndinatero.

"Mum, please," anatero Tadala, akubisa nkhope.

"Nangozo, ndi chikhalidwe chawo, musatichititse manyazi," anawonjezera bambo ake.

Iwo akanatha kungosinthana nane mpando nkhani n'kutha, koma anali atakhala pazenera ndi kamera yawo, sanasunthe. Amene anasuntha ndi mwamuna wina wakumbuyo, ine n'kukakhala pamalo pake, pafupi ndi chimbudzi cha m'basimo. Chitseko chake sichinkatsekeka bwino. Pakona iliyonse chinkatseguka n'kundipatsa moni.

Woyandikana naye kumeneko anali gogo wina wopanda mano akutsogolo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatambasula dzanja n'kugwira malukidwe a tsitsi langa. Ndinachotsa dzanjalo. Patapita kanthawi ananditikita pamkono ndi chala, n'kuyang'ana chalacho ngati pachoka utoto. Ndikanakhala kuwodi ndikanamwetulira, poti okalamba ndinawazolowera. Koma apa sindinali pantchito, ndipo ndinamuyang'ana ndi diso loti ngakhale wosamva Chichewa amva.

Ku Nakhon Sawan tinaima kuti tidye. Anatipatsa mpunga ndi nkhuku yokazingira masamba onunkhira. Ine ndinakulira kambuzi, tsabola sindimuopa, koma uyu anali wina: anandigwira pakhosi mpaka misozi. Tadala anangodya mabisiketi. Titadutsa Kamphaeng Phet, mphepo yoziziritsa m'basi inasiya, mawindo osatseguka. Posakhalitsa pansi panamveka phokoso ngati munthu wagwetsa mapoto, basi n'kuzima pakati pa minda, tisanafike ku Tak.

Tinatsika tonse n'kukaunjikana pakachisakasa ka m'mbali mwa msewu. Dalaivala anavula malaya n'kulowa pansi pa basi. Palibe amene anatiuza kalikonse. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti palibenso amene anadandaula. Kwathu bwenzi anthu atamuzungulira kondakitala, wina akutukwana, wina akuitanitsa zake. Awa anangokhala pansi, ena kugona, ena kusenda zipatso. Ndinapita kwa kondakitala kukafunsa kuti tichoka liti. Anamwetulira. Ndinakweza mawu. Anamwetulira kwambiri. Palibe chinthu chopsetsa mtima ngati kukalipira munthu amene akukumwetulira.

Nditatopa ndinakhala pansi n'kuyang'ana uku ndi uku. Nthochi, mapapaya, mitengo ya mango, chinangwa, nkhuku zikupalasa, mayi akuyanika zovala pampanda. Ukanachotsa zilembo zawo zopotanapotana pazikwangwani, ukanati uli pakati pa Balaka ndi Liwonde. Ulendo wonsewu, kudzaona mapapaya!

Gogo uja anabwera kudzakhala pambali panga. Anamasula kathumba ka pulasitiki n'kundipatsa. Ndinasuzumiramo: ziwala zokazinga, zothira mchere, zofiirira bwino. Ndinali ndisanazione chichokereni kumudzi. Ndinatapa, n'kutapanso. Gogo uja anaseka mpaka nkhama zonse panja, n'kunditsinira mpunga wawo womata umene amadya ndi manja. Mkwiyo wanga pa iye unathera pomwepo.

Mnyamata wa ku Germany anayandikira ndi chibwenzi chake, nkhope zitakwinyika, n'kufunsa amuna anga ngati nafenso timadya zimenezi. Ndinamva ndi makutu angawa a Mbewe akuyankha m'Chingerezi kuti, "Ayi, ife ku England sitidya zoterezi."

Munthu amene amayi ake ankatitumizira ngumbi m'chitini titangokwatirana! Ndinawayankha m'Chichewa, mokweza.

"Bambo a Tadala, bwannoni amene munkathamangitsa kwanu ku Bawi anali wa ku England?"

Anayang'ana kumbali n'kuyamba kujambula phiri.

Basi ina inadzatitola dzuwa litapendeka, yodzaza kale. Tinadutsa Tak ndi Lampang titapanikizana ngati matemba, ndipo Chiang Mai tinalowa magetsi atayaka.

Mzindawo ndisaunamizire, ndi wokongola. Pakati pake pali mzinda wakale wozunguliridwa ndi ngalande ya madzi ndi zotsalira za khoma la njerwa. Anthu amayenda pa timagalimoto tofiira totsegula kumbuyo, matola enieni, kungoti awa sakupanikiza ndi matumba a makala. Mmawa amonke amayenda mumzere opanda nsapato, atanyamula mbale, amayi n'kumagwada m'mbali mwa msewu kuwaikira chakudya. Mwana akamadutsa pamaso pa wamkulu amawerama, monga tinkachitira ife tisanaphunzire kuyenda chilili. Misika yawo ndi yaukhondo, ndipo wogulitsa sakukoka dzanja.

Koma akachisi anandikwana. Ngodya iliyonse kachisi, ndipo bambo a Tadala anafuna kulowa aliyense. Vula nsapato, vala nsapato, vula nsapato. Atsikana achizungu obwera ndi timakabudula ankabwerekedwa nsalu pakhomo kuti abise ntchafu, ine chitenje changa chinandipulumutsa. Mkati sindinkalowa kwenikweni. Ndine mayi wa kwaya kutchalitchi kwathu, ndipo mafano aakulu agolide aja, ndi utsi wa lubani, zinkandisowetsa mtendere. Amuna anga, amene ndi dikoni, ankagwada kutsogolo kwenikweni kuti chithunzi chituluke bwino.

Tsiku lina tinakwera kukachisi wa paphiri loyang'ana mzindawo. Masitepe ake ndi osatha, ndipo mbali zonse ziwiri anaumba zinjoka zazitali za mamba obiriwira. Ndinafika pamwamba mawondo akunjenjemera, n'kukhala pakhoma kuti ndipume. Banja lina linandiyandikira. Ndisanadziwe chimene chikuchitika, anali atandiika khanda lawo pamiyendo, bambo wake akujambula. Khanda linalira, iwo anaseka, ena n'kuyamba kufola kuti nawonso ajambulitse. Ndinabweza mwanayo n'kuimirira.

"Ine si njovu!" ndinakuwa.

A Mbewe anali pomwepo. M'malo mowabalalitsa anthuwo, nawonso anali atajambula.

Kutatsala masiku ochepa kuti tibwerere, anabwera kuhotelo ndi nkhani ina.

"Mawa tikupita kumalire. Munthu umawoloka mlatho basi, uli ku Burma. Mayiko awiri pa holide imodzi!"

"Mwawauza za pasipoti yanga?"

"Ndawauza. Akuti palibe vuto."

"Anthu awa chilichonse amati palibe vuto. Mwawauza kuti ndi ya Malawi, viza yake yolowera kamodzi?"

"Nangozo, inu chilichonse mumachiyamba ndi mkangano."

Tinakwera minibasi mmawa pamodzi ndi alendo ena, azungu okhaokha. Wotiperekeza anali mayi wina wa chipewa chachikulu, dzina lake Noi. Msewu unali wokhotakhota m'mapiri, ndipo Tadala anadwala mseru. Tinaima pa akasupe a madzi otentha pomwe amayi amaphika mazira m'timadengu, kuviika m'madzi otuluka pansiwo. Fungo lake ngati dzira lovunda, koma amuna anga anagula n'kudya. Ku Chiang Rai tinadya nkhomaliro mothamanga. Kuchoka apo msewu unawongoka, minda ya mpunga mbali zonse, mpaka tinalowa m'tauni ya Mae Sai, pomwe msewu umathera pa chipata chachikulu. Kuseri kwa chipatacho kuli mlatho waufupi, pansi pake kamtsinje kamatope koti mwana woweta mbuzi angawoloke atakwinya kabudula. Tsidya linalo ndiye Burma.

Noi anatolera mapasipoti. Atatsegula yanga anaima, n'kumwetulira kumwetulira kuja ndinali nditakudziwa tsopano. Anandifotokozera pang'onopang'ono kuti ndikangodindidwa kuti ndatuluka, viza yanga yatha. Sindingalowenso mu Thailand, ngakhale ndege yathu inali ku Bangkok. Ndikanayenera kukasaka viza ina kumzinda waukulu wa ku Burma, kutali kwambiri.

Ndinatembenukira kwa amuna anga. "Ndinakuuzani kapena sindinakuuzeni?"

"Koma pa ofesi paja anati palibe vuto."

"Chabwino. Tikhale tonse kuno, anzathuwa akatipeza."

Anayang'ana mlatho, anayang'ana ine. "Aa, Nangozo, tafika kale. Dziko lina lili apopo. Ola limodzi lokha, inu mukhale mukuona msika wa kunoku."

"Mukundisiya ndekha?"

"Si inu mwana. Pasipotiyi munaikakamira nokha."

Mawu amenewo anandilowa ngati minga. Tadala anandigwira mkono n'kunena m'Chingerezi chake kuti atsala nane ngati ndikufuna. Koma maso ake anali kutsidya, ndipo bambo ake anali atayamba kale kumukoka, ati akawauze anzake kusukulu kuti anafika ku Burma.

"Pita," ndinatero, mano ali gwa. Kenako kwa bambo ake: "Mumugwire dzanja mwanayu."

"Si khanda uyu," anayankha akuyenda.

Ndinakhala pabenchi pafupi ndi mayi wina wootcha nthochi pambaula. Mvula inayamba, ya madontho akuluakulu, ndipo mayiyo anandisendezera pansi pa ambulera yake. Anthu odutsa ankandiyang'ana, ena kubwerera kuti aonenso. Ine ndinalibe nazo ntchito, ndinali kalikiliki kuzenga mlandu mumtima. Ndani ankadzuka kukada kukasambitsa okalamba a eni pamene munthuyu ali pa TV? Ndani ankauza anthu kutchalitchi kuti bambo akupuma kaye, kubisa kuti sakutuluka m'nyumba? Lero ndasanduka katundu wosiya pachipata, chifukwa cha chidindo choti akaonetse anzake?

Ola lija linatha, linanso linatha. Mvula inakata. Kenako ndinaona chipewa cha Noi chikubwera pamlatho, azungu aja ali pambuyo ndi mapepala a zogula. Ndinaimirira. Amuna anga panalibe, Tadala panalibe. Noi anati bambo anatsalira pa sitolo ina akunenerera mtengo, abwera ndi mwana posachedwa.

Bambowo anatulukiradi, koma okha. Ankayenda monyadira, paphewa atakoleka chikwama cha amayi cha pinki, chonyezimira. Anadinditsa pazenera n'kubwera kwa ine akumwetulira.

"Mwana ali kuti?" ndinafunsa.

"Sali ndi inu? Anatsogola ndi gululi."

"Bambo a Tadala, mwana wanga ali kuti?"

Kumwetulira kuja kunazima. Anayang'ana gulu, anayang'ana mlatho. "Anati akupita kuchimbudzi… ine ndimayesa…"

Sindikumbuka zonse zimene ndinanena. Ndikudziwa kuti ndinakuwa m'Chichewa, mawu ena oti mayi wa kwaya sayenera kuwadziwa, ndipo m'dziko limene munthu sakweza mawu, msewu wonse unaima. Noi sanamwetulirenso. Anati chipata chimatsekedwa dzuwa likamalowa, ndipo chikatsekedwa palibe wowoloka mpaka mawa. Dzuwa n'kuti lili pamwamba pa madenga. Anawagwira amuna anga pamkono, onse awiri n'kuthamangira pazenera kukadinditsanso, kenako pamlatho, chikwama cha pinki chikuwamenya m'nthiti.

Ine ndinatsala nditagwira zitsulo za mpanda. Tsidya lija linali pafupi moti ndinkaona zovala zoyanikidwa pamakonde, ndinkamva mahutala a njinga zamoto. Mwana wanga anali penapake m'menemo, mtsikana wakuda yekhayekha, wosadziwa chinenero, wopanda foni. Ku ntchito kwanga ndinaonapo zimene anthu amachita kwa ana aakazi. Zonsezo zinandibwerera pamodzi.

Ndinapita pazenera n'kuponya pasipoti yanga.

"Dindani," ndinatero.

Bambo wa pazenerapo anaitsegula, anapukusa mutu, n'kundibwezera. Anayesa kundifotokozera zimene ndinkazidziwa kale. Ndinaikankhanso.

"Ndamva. Sindibwerera. Dindani!"

Ndinkadziwa kuti ndege indisiya, kuti kuwodi adzandidikira mpaka kutopa, kuti mwina nditha milungu m'dziko limene sindinalilotepo. Zonsezo zinali zopepuka ngati mankhusu. Bamboyo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatambasula dzanja kutenga chidindo.

Apo ndi pamene wina anandikoka chitenje. Anali mayi wa nthochi uja, akuloza pamlatho.

Tadala ankabwera, Noi ali mbali ina. Mbali inayo kunali mayi wachikulire wometa mpala, wovala nsalu za pinki wotuwa, mmodzi wa masisitere a chipembedzo chawo. Anali atamugwira mwana wanga dzanja, zolimba, ngati akuwolotsa kamwana pamsewu. Ndinalanda pasipoti yanga isanadindidwe. Tadala atangodutsa pazenera anandigwera m'manja.

Anandifotokozera akusisima. Anawauza bambo ake kuti akupita kuchimbudzi, iwo anangoti "ehe" maso ali pa chikwama. Potuluka sanawapeze. Tinjira ta mumsikamo tinali tofanana tonse. Amuna ogulitsa fodya ndi mapiritsi anamuzungulira, wina anamugwira mkono n'kumamukoka. Anadzipulumutsa n'kuthawa, ndipo kuthawako ndiye kunamusocheretsa kwambiri. Anakhala pakhonde lina akulira, mpaka mayiyu anaima, n'kumugwira dzanja kumubweretsa kumlatho, komwe anakumana ndi Noi.

Mayi wometa mpala uja sanadutse chipata. Anaima kuseri kwa mpanda akutiyang'ana. Ine amene ndinakana kugwada m'kachisi aliyense wa ku Chiang Mai ndinagwada pamatope pomwepo, n'kuwomba m'manja mwaulemu monga timathokozera akuluakulu kwathu. Iye anaphatikiza manja ake pachifuwa, anawerama pang'ono, n'kutembenuka kubwerera kwawo. Dzina lake sindilidziwa.

A Mbewe anali akadali mumsika, akusaka mwana amene anali kale m'manja mwanga. Noi anafunsa ngati abwerere kukawaitana.

"Asiyeni asake," ndinatero.

Anabwereradi yekha Noi, chifukwa ndi ntchito yake. Anatulukira nawo alonda atayamba kukoka chipata. Malaya anali atatuluka m'thalauza, matope mpaka m'mawondo, mawu atasasa ndi kuitana. Ataona Tadala anaima n'kugwira mpanda. Anafuna kumukumbatira, koma mwana anabisala kumbuyo kwanga.

"Pepani, Nangozo," anatero. "Pepani ndithu."

"Pepani sapoletsa chilonda."

Anavula chikwama chija paphewa n'kunditambasulira ndi manja awiri. "Ndimagulira inu. Ndinaona kuti mwakhumudwa, ndiye ndimati…"

Ndinachiyang'ana. Chikopa chabodza, zipi wagolide wabodza, dzina la kampani yapamwamba lolembedwa molakwika.

"Ichi ndiye munasinthanitsa ndi mwana wanga?"

Ndinachikankhira kwa iwo.

"Chikolekeni pomwe chinali. Muchinyamula nokha, paphewa, mpaka ku Wolverhampton. Mukachitula pansi, ine ndi mwanayu tikwera ndege ina."

Anachikoleka. M'minibasi mzungu wina anayamba kung'ung'udza kuti tawachedwetsa. Ndinangotembenuka n'kumuyang'ana, ndipo anapeza chochita pawindo. Tadala anagona pamiyendo panga njira yonse, dzanja lake litagwira chitenje changa.

Masiku otsalawo sitinapitenso kukachisi aliyense. Matikiti obwerera ku Bangkok ndinakagula ndekha, a sitima. Chikwama chija chinayenda paphewa la dikoni m'misewu ya Chiang Mai, m'sitima, pabwalo la ndege pomwe atsikana ogulitsa mafuta onunkhira ankagwirana pakamwa. Kamera inakhala m'sutikesi. Tadala sanawalankhule bambo ake, ngakhale kuwapempha mchere. Akafuna kanthu ankauza ine, iwo ali pomwepo.

Ku London tinafikira m'kamvula kawaza. M'basi yobwerera ku Birmingham lamba wa chikwamacho anaduka yekha, ndipo anachipanira m'khwapa. Anatsika nacho chomwecho, anakwera nacho basi ya ku Wolverhampton, anayenda nacho kuchokera pa siteji mpaka pakhomo pathu, dzanja lina likukoka sutikesi. Ndikusaka makiyi anandifunsa ndi mawu apansipansi.

"Ndingachitule tsopano?"

"Funsani mwana," ndinatero.

Anatembenukira kwa Tadala. Mwana anawayang'ana, anayang'ana chikwama, kenako anatenga makiyi m'dzanja langa, anatsegula, n'kukwera kuchipinda kwake.

Ine ndinalowa n'kuteleka ketulo. Iwo anatsala ataima panja m'kamvula kaja, chikwama chili m'khwapa. Chitseko ndinachisiya chotsegula.